Apongozi Anga ndi Chapati cha Mburundi

Nditangokwatira ku Lifuwu, ndinapeza kuti apongozi anga aamuna anali ndi ntchito ziwiri: kulima mpunga kusikimu ndi kuthamangitsa alendo m'dziko muno. Yachiwiriyi ankaigwira ndi pakamwa pokha, ali pabawo pansi pa mtengo wa mango.

"Boma likugona!" ankatero akumenyetsa nkhomo m'maenje. "Maburundi adzaza pa Salima. Mawa tidzadzuka nyanjayi ataigula. Achoke onse!"

Ine monga mkamwini ndinkangovomera kuti, "Zoona, bambo."

Koma panali zimene ndinkadziwa. Mmawa uliwonse apongozi aakazi ankazemba kupita kugolosale ya Mburundi wina amene anakhazikika pamsika, n'kukagula chapati chotentha. Akafika ankachiika m'mbale yawo, n'kudzipaka ufa pang'ono m'manja. Bambo ankadya ndi tiyi maso ali chitsinzinire.

"Mkamwini, lawani," anandiuza tsiku lina. "Awa ndiye manja a Chimalawi. Mlendo angaphike chonchi?"

"Sangayerekeze, bambo," ndinayankha. Mayi anandiponyera diso loti ndikangotsokomola, ukwati watha.

Kenako mayi anadwala malungo. Mburundi uja ataona kuti kasitomala wake sakuoneka, anafunsa anthu njira, n'kutulukira pakhomo atanyamula kambale kovindikira. Anagwada bwinobwino, n'kunena m'Chichewa chake chopotoka kuti, "Pepani matenda. Ndabweretsa chapati cha bambo, chija amatenga amayi masiku onse."

Ine ndinayamba kuyang'anitsitsa nkhuku ngati sindinaionepo chibadwire. M'nyumba, odwala aja anasiya kubuula.

Bambo anavundukula kambaleko, ananunkhiza, n'kunyema kachidutswa. Anatafuna nthawi yaitali.

"Mwati kwanu n'kuti?"

"Ku Burundi, bambo. Ndinathawa nkhondo ndili mwana."

"Mkamwini, apatseni mpando alendowa. Mwangoti tong'o bwanji?"

Madzulo ake ndinawatsatira kubawo, pofuna kumva kuti nyimbo isintha motani. Sinasinthe kwenikweni.

"Achoke onse!" anatero. "Kupatula wa chapati uja. Ameneyo ndi waulemu."

Msodzi wina anati ngati zili choncho, atsalenso Mkongo amene amamukonzera injini ya boti. Aphunzitsi ena opuma anapempha kuti telala wa ku Tanzania asakhudzidwe mpaka atamaliza suti yawo. Shehe amene ankangoonerera masewerowo anakumbutsa anthu mofatsa kuti akazi awo anachokera kutsidya, ku Mozambiki, ndipo amene akufuna kuwathamangitsa akayambe yekha, iwo sakaperekeza.

Anawerengana mpaka alendo onse a m'deralo anatha, aliyense ali ndi womuikira kumbuyo. Bambo anakwiya poona kuti palibe wotsala woti achoke. Kenako anati vuto lenileni ndi mvuu, zimene zimatuluka m'madzi popanda chilolezo n'kudzatidyera mpunga. Pamenepo onse anagwirizana, ndipo bawo linapitirira.