Bawuti ija inali ya inchi

Amalume, lero ndakukumbukirani kugalaji ku Buguruni. Lole ya dalaivala wina wopita ku Lilongwe inatha mazinga pabowo lolowa bawuti pa injini. Ndikanalakwitsa saizi ya tapu yodulira mazinga atsopano, bowolo likanawonongekeratu. Aliyense amati bawuti yake ndi ya milimita.

Ndinakumbukira tsiku lija munandilanda sipanala pamene ndinkakakamiza bawuti. Munati, "Iwe, maso amanama. Gundanitsa mazinga a bawuti ndi a tapu, uyang'ane kudzuwa. Kuwala kukadutsa pakati, si amodzi amenewo." Ndachita zomwezo, ndipo kuwala kwadutsa. Bawutiyo inali ya inchi. Ndasintha tapu, ndadula pang'onopang'ono, bawuti n'kulowa ndi zala zokha. Lole yanyamuka masana, mtima wanga wakhala pansi. Papita zaka zitatu chitisiyireni, koma injini ija mwaipulumutsa ndinu. Pumulani, afundi, amisiri athu.