Chikhomo cha Mbuzi M'bwalo la Mpira

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene bambo anga, omwe tonse tinkawaitana kuti Ada, anasiya kuyendetsa thirakitala. Ankagwira ntchito kwa mkulu wina wamalole wochokera ku Mzuzu, ndipo nyengo ya mvula ankatchetcha udzu m'mabwalo a mpira ndi a matchalitchi muno mu Nkhata Bay. Kumbuyo kwa thirakitala ankamangako silasha, makina a mipeni iwiri yozungulira pansi pa chivindikiro chachitsulo.

Masilasha analipo awiri. Yakale inali yolemera, yadzimbiri, yowotcherera paliponse, ili ndi matcheni olendewera m'mbali otchinga miyala. Yatsopano inali yofiira, yopepuka, yopanda matcheni. Ine mtima unali pa yofiirayo, ndipo ndinkawaseka Ada kuti akonda zachikale. Tsiku lina anagogoda onse awiri ndi sipanala. Yakale inangoti di! Inayo inalira ngati beseni.

"Ili ndi lata, mwana wangu," anatero Ada. "Likadzagunda chitsulo chenicheni, mpeni udzatulukira pamwamba."

Abwana awo sanamve zimenezo. Yatsopano sinkadya dizilo wambiri, choncho yakale anaitumiza kumtunda.

Ntchito yanga inali yodyetsa mbuzi yathu. Kodyetsera kunali kutali, kokwera chitunda, ndipo ine ndinali mtsikana waulesi, sindibisa. Ndinakhoma chikhomo chachitsulo pakona ya bwalo la mpira, pomwe udzu unkafika m'chiuno, n'kumamangirirapo mbuzi, ngakhale Ada anali ataletsa. M'mawa wina ndinamva thirakitala ikubwera. Ndinaivula mbuzi chingwe m'khosi n'kuithamangitsira kunyumba. Chikhomo chinali chitalimba m'dothi, ndiye ndinati ndidzazula mawa.

Ndisanafike pakhomo ndinamva chiphokoso, injini n'kuzima, kenako amayi ogulitsa chinangwa pamsewu anayamba kukuwa. Mpeni utagunda chikhomo chija unathyoka, unaboola chivindikiro chija n'kuwatema Ada m'munsi mwa bondo. Ndinawapeza atawagoneka pa udzu wongotchetchedwa kumene, fungo lake litasakanikirana ndi la dizilo ndi magazi. Kuchipatala mwendowo anaudula.

Tauni yonse inatukwana silasha. Kumsika, kudoko, aliyense anasanduka makanika, ndipo ine ndinkangogwedeza mutu kuvomereza. Ndinakhala chete zaka zisanu ndi zinayi. Zaka zonsezo Ada ankakhala pakhonde kusoka maukonde a eni, mayi anga, Ama, akuzunzika ndi dengu la usipa, ndipo kugogoda kwa ndodo za Ada pasimenti kunkandikumbutsa chikhomo chija.

Ndinaulula kwa Ada nditabereka mwana wanga woyamba. Ada sanasiye n'kusoka komwe.

"Chingwe cha pa chikhomo chija ndinachiona ndili gone pansi," anatero. "Mfundo ija ndinakuphunzitsa ndine. Ndinauza mnzanga achimasule akataye m'nyanja anthu asanachizindikire."

"Nanga bwanji simunandimenye, Ada?"

"Mwendo ukanabwerera?"

Ndinalira tsiku limenelo kuposa tsiku la ngozi. Kale lonse ndinkadziyesa wochenjera kubisa. Lero ndikudziwa kuti munthu amene ankataya magazi pa udzu paja anayamba waganiza za ine, mmene ndikanakulira m'tauni yaing'ono ino anthu akundiloza chala kuti ndi uja analumaza bambo ake. Ada anamwalira osauzako ngakhale Ama.