Fulashi ya Mbuya pa Maliro a Amama

Munthu amene anandiphera mawu a amama akadali ndi kantemba, kasitolo kake kakang'ono, pamsika wa Rufunsa, pafupi ndi poima maminibasi a ku Lusaka. Ntchito yake n'kuika nyimbo m'mafoni a anthu. Ndikamadutsa amakweza dzanja, ine ndimayang'ana kumbali. Ndimadana naye, ndipo sindibisa.

Ife tinachokera kum'mawa, iye ndi Mbemba, ndiye kuti ndi mbuya wathu. Pamaliro athu iwo ndi amene amakumba manda, kuphika, kutipaka unga kumaso ndi kutinyoza kuti ndife odya mbewa. Chimene mbuya wachita pamaliro sukwiya nacho. Mwambowu ndinakuliramo, ndipo ndinkaukonda.

Amama ndiwo ankayambitsa nyimbo m'kwaya ya azimayi ku Chinyunyu. Atayamba kudwala, ndinkawajambula mawu ndikapita kukawaona, n'kusunga mu laputopu imene ndimalembera mayeso a ana a sukulu. Munali nyimbo za Chinsenga zimene sizili m'buku lililonse, ndi kuseka kwawo akaiwala mzere. Mufoni ndinkafufuta chifukwa inkadzaza msanga.

Tsiku la maliro ndinalumikiza laputopu ku sipika kuti anthu amve amama akuimba. Azimayi analira mpaka mawu kusasa. Kenako anandiitanira m'nyumba, ndipo potuluka ndinapeza mbuya uja wakhala pampando wanga, fulashi yake yosungiramo nyimbo wabaya kale mu laputopu.

"Chotsani icho, imwe," ndinatero. "Fulashi yanu imagona m'makompyuta a anthu onse a pamsika."

"Khala chete, wodya mbewa iwe," anayankha. "Lero nyumba ino ndi yathu. Tikuikira nyimbo zenizeni."

Anthu anaseka. Amalume anandikoka mkono n'kunena chapansipansi kuti mbuya sakanizidwa. Ndinaima pamenepo ndi unga kumaso, ndikuyang'ana kanyali ka fulashi kakuphethira.

Titaika maliro, laputopu inayamba misala. Kuyaka inkachedwa, ndipo nyimbo za amama ndikazidina zinkakana kutseguka. Vairasi inali italowa. Ndinati ndipita nayo kwa akatswiri ku Lusaka tikamaliza kugawa zovala. Koma mlongo wanga, mutu wake uja, anaitenga ine kulibe n'kukapereka kwa mwini vairasi yemweyo kuti akonze.

Kukonza kwake kunali kufufuta zonse. Anaikamo sisitimu yakuba, ija yosalandira zoikonza zatsopano, ndipo pulogalamu yoteteza anaizimitsa ati imavutitsa fulashi yake. Pamwamba pake anandidzaziramo mafilimu ngati mphatso. Anabwera nayo yekha, mano onse panja.

"Manje ithamanga monga yatsopano, mbuya."

Ku Lusaka, mayi wokonza makompyuta anafufuza tsiku lonse. Anati vairasi yokhayo akanathana nayo, mawu a amama akanabwerera, koma mafilimu aja analembedwa pamwamba pawo. Ndinalira pakauntala yake ngati maliro ayambiranso. Atandifunsa sisitimu imene ndikufuna, ndinamuuza kuti andipatse ija imene fulashi ya munthu uja ingafere njala. Anandiikira ina yaulere, imene mavairasi a pamsika sayendamo, imene siilola pulogalamu kulowa popanda mawu anga achinsinsi. Inandizunza poyamba, pulinta ya kusukulu inkaikana, koma ndinalimba nayo. Kuyambira pamenepo fulashi ya munthu sindinkailolanso mu laputopu yanga. Aphunzitsi anzanga amati ndine wodzikonda. Anene, pakamwa ndi pawo.

Chaka chatha bambo ake a mbuya uja anamwalira. Tsopano ambuya tinali ife. Ndinapita chifukwa mwambo ndi mwambo. Ndinatunga madzi, ndinatola nkhuni, ndipo unga ndinamupaka mwamphamvu kuposa mmene zimafunikira.

Masana anandipeza kuseri kwa nyumba, fulashi ili m'manja. Zithunzi za bambo ake zinali mmenemo, koma kompyuta yake inkaonetsa kuti mulibe kanthu. Vairasi yake yomwe inali itamudya.

"Mbuya, yesaniko pa yanu," anapempha.

Mtima wanga unati ayi. Koma amalume anali pompo, akundiyang'ana. Ndinakatenga laputopu m'chikwama changa, ndinabaya. Sisitimu yanga inaonetsa zonse poyera: tizinthu ta vairasi tili gone ngati mphemvu zakufa, ndipo pambali pake zithunzi zimene inabisa. Munalinso kavidiyo ka mkulu uja akuseka, akuitana mbuzi zake m'Chibemba. Mwana wake anakhala pansi m'fumbi n'kulira. Anandipempha kuti ndibwereze, ndinabwereza.

Anthu atasonkhana, anaimirira n'kunena kuti mbuya wamupulumutsa. Ine ndinaimirira nanenso.

"Imwe bambo anu mwawamva," ndinatero. "Ine amama sindidzawamvanso, chifukwa cha imwe. Ndimadana nanu ndi mtima wanga wonse."

Bwalo lonse linaseka. Azimayi ena anaomba m'manja, ati mbuya uyu adziwa kunyoza. Iyenso anaseka, misozi ikadali pamasaya, n'kundipatsa dzanja.

Pobwerera ku Chinyunyu ndinayesa kuimba nyimbo imene amama ankaikonda kwambiri. Mzere woyamba ndimaudziwa. Wachiwiri ndinafunsa azimayi a kwaya onse, ndipo aliyense anati ankangotsatira amama.