Malume Anga ndi Mawu Otukwana

Malume anga anaphunzitsa za zilankhulo pakoleji zaka makumi atatu, koma kumsika ankangowadziwa ngati bambo wovuta wa kabuku m'thumba. Iwo ankati mawu enieni satuluka munthu ali phee, amatuluka akapsa mtima. Ndiye Loweruka lililonse ankapita kukaputa anthu dala. Ankafika pa mayi wogulitsa tomato, n'kufinya tomato mmodzimmodzi, n'kufunsa mtengo kanayi, kenako n'kumachoka osagula. Mayiyo akayamba kulalata, iwo ankatsamira mzati n'kumalemba.

"Pepani mayi, lomalizalo mwati chiyani? Tabwerezani pang'onopang'ono."

Tsiku lina anaputa telala wina wamkazi, amene anawathira mawu asanu ndi awiri oti sanawamvepo chibadwire. Mawa lake anabwererako ndi buluku long'ambika, mkuja ndi malaya opanda mabatani. Mabataniwo anadula okha ndi lezala. Chaka chisanathe anakwatirana.

Dikishonale imene ankalemba inawatengera zaka khumi ndi ziwiri. Timapepala ta mawu tinadzaza makatoni a nsapato, kunsi kwa bedi mpaka kukhitchini. Atapereka kwa osindikiza, mkonzi wake, munthu wopemphera kwambiri, anachotsa masamba makumi awiri a mawu otukwana.

"Aphunzitsi, bukuli lilowa m'masukulu," anatero mkonziyo.

"Mwanena zoona, bwana," anayankha malume, chipewa chili kumanja.

Atafika kunyumba anakabisa mawu aja m'ziganizo zachitsanzo. Pansi pa liwu loti "mphuno" anaikapo zimene mayi wa tomato ananena za mphuno yawo. Pansi pa "miyendo" anaika zimene ananena akazi awo, telala uja. Mkonzi anangoyendetsa maso pamitu ya mawu n'kusaina.

Patatha miyezi itatu makalata a mahedimasitala anayamba kufika, odandaula kuti ana akulimbirana dikishonale ngakhale pa buleki. Osindikiza anatulutsa ina yotsukidwa, koma inangochita fumbi m'mashelefu. Yoyamba ija anthu ankabwerekana mobisa, itakutidwa ndi nyuzipepala. Kukoleji anawalembera malume kalata yowachenjeza. Malume anaiwerenga modekha, anakonza zolakwika zinayi ndi cholembera chofiira, n'kuibweza kuti ailembenso.

Pano anapuma pantchito. Akulemba kabuku kophunzitsa ana zilembo, ndipo mkonzi uja, imvi zili mbuu, amawerenga tsamba lililonse katatu, kachitatuko mokweza, atatseka chitseko cha ofesi.