Ndinakana kusamba mankhwala a chirope

Cholakwa changa n'chimodzi chokha: mkazi wanga atandifunsa ngati ndinaphako munthu kunkhondo ya ku Congo, ndinamuyankha zoona. Anzanga ausilikali amangoti ankalondera msewu, nkhani n'kuthera pomwepo. Ine lilime langa silidziwa kukhota.

Ndinamuuza tikupalira chimanga kwawo ku Mkhumba, kumene ndinali pa chikamwini. Munthu amene ndinamuphayo anali wamsinkhu wanga, ndipo mfuti yake inali italoza mnzanga amene ankatunga madzi pamtsinje. Ndinayamba ndine kuwombera. Anagwa chagada, maso ali pa ine, modabwa ngati munthu womudzutsa kutulo.

Mkazi wanga anauza mayi ake, mayi akewo n'kuuza achimwene awo, eni mbumba. Posakhalitsa anandiletsa kunyamula mwana wanga Tadala, yemwe anali asanayambe n'kukwawa komwe. Akuti ndili ndi chirope, misala ija imagwira munthu wokhetsa magazi, ndipo ndimupatsira mwanayo. Chodabwitsa, malata amene ndinawakhomera apongoziwo analibe chirope. Chinali m'manja mokhamu mmene munawagula.

Amalume a mkazi wanga anapeza sing'anga kufupi ndi Chiringa.

"Bambo a Tadala, kasambeni mankhwala basi," anatero amalumewo. "Nkhope ya munthuyo muiiwala, mukhala ngati simunapite n'komwe."

"Ndikamuiwala ineyo, amukumbukire ndani? Womuona komaliza ndine."

Mkulu wa mpingo nayenso anabwera ndi sopo wake. Anati ndilibe mlandu chifukwa ndinkatsata lamulo. Ndinamuuza kuti lamulo lilibe chala, chinakoka mfuti ija ndi changa. Zitachitikanso ndikhoza kuwomberanso, chifukwa mnzanga uja lero ali moyo ndipo akulera ana ake. Komabe zimandiwawa tsiku lililonse, ndipo ululu umenewu ndi umene umanditsimikizira kuti ndikadali munthu. Woopsa ndi amene anapha n'kumagona tulo tabwino, ndipo ameneyo ndi amene ankafuna kuti ndikhale.

Amalume aja anandipatsa kusankha: kusamba kapena kutenga njinga yanga n'kuchoka pamudzipo. Ndinatenga njinga. Mkazi wanga analira, koma kutsutsa amalume ake sakanatha, ndipo sindimuda. Tadala pano akuyenda. Ndimamuona pa tsiku la msika, ndipo ndikamutambasulira manja amabisala m'chitenje cha mayi ake. Apo pokha ndiye mtima umandisweka, sindibisa. Koma kusamba sindisamba.

Anyamata osirira yunifolomu, dziwani kuti nkhondo sithera kumene inamenyedwera, imakutsatirani mpaka pakhonde. Ndipo inu owerenga amene muli ndi msilikali pakhomo, ganizani kaye musanamufunse zimene anachita. Ngati simungathe kumupatsira mwana wake m'manja atakuyankhani zoona, musamufunse.