Kalata Yanga m'Kabati ya Amalume

Magiredi anga a kusekondale sanakwane kuti ndilowe uinjiniya mwachindunji. Inandigwetsa ndi fizikisi, chifukwa mphunzitsi wathu wa phunzirolo anachoka pakati pa chaka ndipo sanabwerenso wina. Koma yunivesite ina ku Lusaka inali ndi njira ya anthu ngati ine. Umayamba waphunzira chaka chimodzi chokonzekera: masamu, fizikisi, kemisitiri ndi kujambula zitsulo za makina. Ukakhoza bwino amakupatsa malo m'kalasi ya uinjiniya. Malowo anali ochepa, ndipo ukaperewera umabwerera kwanu ndi sutikesi yako ngati sunapiteko n'komwe.

Ine ndinkafuna uinjiniya wa makina, osati china chilichonse. Bambo anga anali makanika wa sitima za pamtunda konkuno ku Livingstone. Ndinakula ndikuwamva akukamba za mapisitoni ndi mabeyaringi ngati akukamba za abale awo. Anamwalira ndisanamalize sekondale, ndipo kuyambira pamenepo nkhani zonse zikuluzikulu za panyumba pathu ankagamula ndi amalume, achimwene awo a amayi.

Chaka chokonzekeracho chinali chowawa. Anyamata amene analowa uinjiniya mwachindunji ankatitcha "a pakhonde", ati sitinalowe m'nyumba. Atsikana tinali owerengeka. Ndinabwereza chojambula chimodzi cha giya kanayi konse mpaka pepala linabooka ndi labala. Mayeso omaliza nditalemba ndinadziwa mumtima kuti ndachita bwino. Anatiuza kuti tipite kwathu, zotsatira zidzatipeza pakalata.

Kwathu ku Dambwa tinalibe bokosi la kupositi. Makalata athu onse ankafikira m'bokosi la amalume, amene ankakhala ku Nottie Broadie, ndipo kiyi wake ankayenda naye m'thumba. Munali chapakati pa zaka za m'ma 1990, mafakitale a m'tauni mwathu akutsekedwa motsatizana. Amalume nawonso anali atachotsedwa ntchito ya ukalaliki pa fakitale ina, koma taye sanasiye kumanga.

Lachiwiri lililonse ndinkanyamuka wapansi kupita kwawo, dzuwa la ku Livingstone likuotcha mchenga mpaka kulowa m'nsapato. Ndinkagwada pakhomo la pabalaza n'kupereka moni.

"Bamalume, kalata yabwera?"

"Kulibe, mwana wanga. Anthu a ku Lusaka ni ochedwa. Khala, umwe madzi."

Ndinkamwa madzi a m'firiji mwawo n'kuthokoza. Zimenezi ndi zimene zimandipsetsa mtima kwambiri ndikakumbukira, kuti ndinkathokoza. Masabata anayi ndinagwada pa simenti imeneyo, n'kumathokoza.

Sabata lachitatu anandiuza kuti andipezera ntchito yolandira alendo pa hotelo ina ya kufupi ndi mtsinje. Ati ndingogwirako poyembekezera. Ndinayankha mwaulemu kuti ndiganiza kaye.

Tsiku lina Lachitatu m'mawa amayi anandituma m'tauni kukagula ulusi. Pamalo okwerera maminibasi ndinakumana ndi mnzanga wa m'kalasi yokonzekera ija, mnyamata wa ku Simonga amene tinkabwerekana mabuku. Anali atakhala pa thiranki yachitsulo, akudikira basi ya ku Lusaka. Atandiona anaimirira.

"Iwe, ukali kuno? Makalasi ayamba pa Mande!"

Ndinamufunsa kuti makalasi ati.

"Ya uinjiniya. Sunalandire kalata? Ine yanga inabwera kudala. Ninapita na ku Lusaka kuona pa bodi. Dzina lako lili pamwamba pa langa."

Ulusi sindinagule. Sindikumbukira kuti ndinatsanzikana naye bwanji. Ndikukumbuka kuti ndinayenda mpaka ku Nottie Broadie osaima, ndipo nditafika sindinagwade.

Amalume kunalibe. Ndinapeza akazi awo, mayi wofatsa wa ku Mongu amene sankayankhula zambiri mwamuna wawo akakhalapo. Anali kusita malaya. Anandiyang'ana kumaso, n'kuimika ayironi.

"Baanti, kalata yanga ili kuti?"

Anangotembenuza mutu kuyang'ana kabati yagalasi ya pabalaza, momwe munkakhala mbale za alendo, kenaka n'kupitiriza kusita. Ndinatsegula kabatiyo ndekha. Envelopu inali pansi pa mbale yaikulu yamaluwa, itang'ambidwa bwinobwino ndi mpeni. Ndinawerenga nditaimirira. Ndinali nditakhoza. Anandipatsa malo a uinjiniya wa makina. M'munsi mwake analemba kuti ndiyankhe msanga pa kapepala kamene atumiza pamodzi ndi kalatayo, kuti ndavomera malowo, ndipo tsiku lomaliza kuyankha linali litadutsa ndi masiku asanu ndi anayi. Kapepala koyankhirako munalibe.

Amalume anandipeza ndili chiimire, kalata ili m'manja. Anavula chipewa pang'onopang'ono n'kukhala pampando wawo.

"Ndani wakuuza kutsegula kabati yanga?"

"Bamalume, iyi kalata ni yanga. Ili na dzina langa."

"Bokosi ni langa," anatero. "Khala pansi nikuuze."

Sindinakhale. Anayankhulabe. Ati ndiyang'ane tauni yonseyi: mainjiniya amene ankamanga magalimoto tsopano akugulitsa zovala zakale pamsika. Ati mwana wamkazi kupita zaka zina zinayi kukadzola girizi, amayi ake akuvutika okha, n'kupusa. Ati palibe mwamuna angakwatire mkazi wonunkha dizilo. Ati alendo akuchuluka kumathithi, ntchito ya mawa ili kumahotelo, ndipo iwo anachita kukapempha bwana wa hoteloyo maulendo awiri.

Zina mwa zimene ananenazo zinali zoona, ndipo akanandiuza poyera tsiku limene kalata inafika, tikanakangana ngati anthu. Koma iwo anasankha kundinamiza, sabata ndi sabata, ine nditagwada.

Ndinawauza choncho. Ndinawauza kuti ndi wakuba. Mawu amenewo sindinawanenepo kwa munthu wamkulu m'moyo mwanga, ndipo atatuluka pakamwa panga ndinamva ayironi ya akazi awo ikugunda pathebulo. Amalume sanakalipe. Anangomwetulira pang'ono.

"Pita ukafunse amai ako. Adziwa zonse."

Amayi ankagulitsa tomato ndi kapenta pamsika wa ku Dambwa. Ndinawapeza akusanja tomato m'milumilu. Ndinaika kalata ija pamwamba pa tomatoyo. Anaiyang'ana, osaigwira, ndipo ndinadziwiratu kuti si koyamba kuiona.

"Amayi, munadziwa?"

"Amalume ako ndi akulu," anatero motsitsa mawu. "Anati ayendetsa okha."

"Munkandiona ndikupita Lachiwiri lililonse. Munkandifunsa pobwera kuti kalata yafika."

Anapitiriza kusanja tomato. Amayi a pabenchi yoyandikana nayo anasiya kuitana makasitomala n'kumamvetsera. Ndinafuna kugubuduza benchi yonseyo, tomato amwazike msika wonse. Sindinatero. Ndinatola kalata yanga, itanyowa pakona ndi madzi a tomato wophwanyika, n'kuchoka.

M'mawa mwake ndinakwera basi yoyamba ya ku Lusaka. Ulendowo ndi wa tsiku lonse, ndipo msewu unali wokumbikakumbika. Njira yonse ndinkakonza mawu oti ndikanene: kuti kalata inachedwa, kuti sindinadziwe, kuti andimvere chisoni. Lachisanu ndinalowa muofesi yolembetsa ophunzira. Mayi wina wamagalasi anamvetsera mpaka ndinamaliza, kenaka anapita kukatenga fayilo yanga.

"Koma inu munayankha," anatero.

Anatembenuza fayiloyo kuti ndione. Kapepala kaja kanali momwemo. Pabokosi lolembedwa kuti "sindivomera malo" panali chizindikiro cha inki yabuluu. M'munsi munali siginecha ya amalume, yokhotakhota ngati ya mkulu wa boma, ndipo pambali pake analemba kuti ndiwo ondiyang'anira. Anaonjezeranso ndi dzanja lawo kuti mwanayu wapeza ntchito.

Pabalaza paja amalume sanandiuze zimenezi. Anandisiya ndikwere basi tsiku lonse akudziwa chimene ndikapeze.

Malo anga anali ataperekedwa kale kwa wina. Mayi uja sakanachitira mwina, ndipo sindinamukwiyire. Anandipatsa pepala ndi cholembera n'kundiuza kuti ndilembe pomwepo zonse zimene zinachitika, ndipemphe kuti zotsatira zanga zisungidwe mpaka chaka chamawa. Sanalonjeze kanthu. Anangoti, "Adiresi muikepo ina." Ndinalibe ina. Ndinamuuza kuti ndidzatumiza.

Nditabwerera ku Livingstone amalume anatuma uthenga kuti kuhotelo akundidikira Lolemba. Sindinapite. Anatumanso wina woti ndawachititsa manyazi. Lolemba lomwelo ndinavala ovololo ya malemu bambo anga, nditapinda miyendo katatu, n'kupita kumagalaja a kumafakitale. Awiri oyamba anandiseka. Wachitatu anali wa bambo wina wachikulire amene anagwirapo ntchito ndi bambo anga kunjanji. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenaka analoza beseni la palafini lodzaza ndi zitsulo zakuda.

"Tsuka izo. Ukasiliza uniuze dzina la chilichonse."

Ndinatchula zonse kupatula ziwiri. Anandilemba ntchito. Tsiku lomwelo ndinapempha kugwiritsa ntchito bokosi lawo la kupositi, ndipo anandipatsa kiyi wachiwiri kuti ndizikatsegula ndekha. Adiresi imeneyi ndi imene ndinatumiza ku Lusaka.

Chaka chimenecho ndinachigwira ndi mkwiyo. Ndinkamasula mabawuti a maminibasi a ku Dambwa ngati ndikupotokola khosi la munthu. Ndinaphunzira kumva beyaringi yakutha ndi khutu, kuyeza shafiti, kudziwa chitsulo chimene chatopa chisanathyoke. Anthu amandiuza kuti ndiye kuti chakacho sichinapite pachabe. N'zoona ndinaphunzira zambiri, koma ndimakana kuti amalume alandirepo chiyamiko. Sanandibisire kalata kuti ndikaphunzire kugalaja.

Kunyumba ine ndi amayi tinkangoyankhulana za madzi, makala ndi mchere. Tinakhala choncho miyezi. Tsiku lina Loweruka masana ndikuchapa ovololo panja, anabwera n'kukhala pa mpando wamatabwa pafupi nane. Anati bambo anga anamwalira chifuwa chitatha ndi utsi wa m'mashedi a sitima, ndipo iwo sankafuna kuikanso wina wovala ovololo. Anati amalume atabwera ndi maganizo awo, iwo anangoona ngati Mulungu wawayankha. Ndinawafunsa chifukwa chake sanandiuze ine mwini. Anati ankadziwa kuti ndikana. Sanapepese, ndipo ine sindinanene kuti ndakhululuka. Koma anatenga mwendo umodzi wa ovololoyo n'kundithandiza kufinya.

Kalata yachiwiri ndinakaitenga ndekha kupositi. Anandipatsanso malo. Ndinayankha tsiku lomwelo, nditaimirira pa kauntala, ndipo kapepalako ndinakaponya ndi dzanja langa. Mnzanga wa ku Simonga uja anali chaka chimodzi patsogolo panga mpaka tinamaliza, ndipo mabuku ake akale onse ankandisiyira.

Tsiku lolandira digiri amalume anabwera osaitanidwa, atavala suti yawo yakuda. Ndinawamva ndi makutu anga akuuza makolo a anzanga kuti, "Uyu ni mwana wathu, tinavutika naye maningi kuti afike apa." Wojambula zithunzi atatiitana, anadzaima kudzanja langa lamanja n'kundigwira paphewa. Ndinafuna kuchotsa dzanjalo, koma amayi ananditsina m'chiuno, ndipo ndinaima chilili mpaka anajambula.

Amalume anamwalira patapita zaka zingapo osatchulapo nkhaniyi ngakhale kamodzi. Kumaliro ndinapita, ndinaphika nawo, ndinatunga madzi. Atandipempha kuti ndiyankhule m'malo mwa ana a alongo awo, poti ndine wophunzira pabanjapo, ndinati mawu andithera, ayankhule wina.