Kalongonda wa Madzi Anayi

Fungo la kalongonda akamawira silisokonekera ndi la chinthu china. Limayamba ngati la nyemba wamba, kenako limalemera, limawawira kukhosi ngati utsi wa nkhuni zaziwisi, ndipo limakakamira m'zovala masiku awiri. Ine mpaka lero ndikalimva pamsika wa Migowi ndimatsika panjinga. Anthu a kwathu ku Nazombe amandidziwa, ndine Lasitoni, ndikamalankhula kumunda amandimva ali kumsewu. Sukulu ndinalekera Sitandade 2, koma pa za kulima palibe mphunzitsi angandiuze kanthu. Nkhani iyi yokha ndiyo sindinaikambepo pagulu.

Chinali chilimwe, mvula ili pafupi, ine ndili ndi zaka ngati khumi ndi chimodzi. Bambo anali atapita kukagwira ntchito ku minda ya tiyi, ndipo kumeneko anapezako banja lina. Pakhomo tinatsala atatu: amayi, ine, ndi mlongo wanga Esinati amene anali akadali wa kumsana. Munda wathu unkayambira pachulu n'kutsetsereka mpaka kudambo. Kumtunda tinkabzala chimanga, nandolo ndi chinangwa. Kumunsi ndiye kunali moyo, chifukwa dothi lake linali lakuda, losunga chinyontho, ndipo chimanga cha kumeneko chinkacha msanga anthu ena akadali pa njala.

Kwathu munda ndi wa kuchikazi, koma woyang'anira ndi malume. Malume a Mukhiwa, achimwene awo a amayi, anabwera tsiku lina n'kuuyendera munda wonse, manja ali kumbuyo. Sanali munthu wankhanza ayi. Anangonena kuti nthaka sigona, ndipo mvula ikapeza mbali ina ilibe mizere, mbali imeneyo aipereka kwa amayi aang'ono, amene anali ndi mwamuna komanso ana asanu.

Ndiye amayi anaganiza zoitana dima. Ana a masiku ano simulidziwa dima. Umaitana anthu a m'mudzi kuti adzakulimire tsiku limodzi, iwe n'kuwadyetsa, basi. Ena ankafulula mowa, koma amayi anali a mpingo. Iwo chida chawo chinali thobwa ndi kalongonda, ndipo kalongonda wa amayi anga ankadziwika mpaka kutsidya kwa mtsinje. Ndikunena zoona, pamaliro kapena paukwati mphika wa kalongonda ankausiyira iwo.

Tsono kalongonda si nyemba zoseweretsa. Umamuwiritsa, n'kumusenda makoko, n'kumuwiritsanso. Madzi ake amada bii ngati a m'chithaphwi, umawataya kudzenje kuti nkhuku zisamwe, n'kuthira ena. Amayi lamulo lawo linali kutaya madzi kasanu ndi kawiri. Ukachepetsa, wodyayo amamva chizungulire, amasanza, ena amayamba kulankhula zosamveka ngati aledzera.

Litatsala tsiku limodzi kuti dima lichitike, amayi anabereka Esinati n'kusenza chimanga kupita kuchigayo, kuti pobwerera adutse m'makomo kukumbutsa anthu. Mphika anandisiyira ine utawira kale kamodzi, madzi oyamba atataya. Madzi chaka chimenecho anali ovuta. Mtsinje wochokera kuphiri la Michesi unali utauma, tinkafukula mchenga n'kumadikira kuti madzi abwere pang'onopang'ono, n'kumatunga ndi chikho. Kusintha madzi kamodzi kunkafuna maulendo awiri a ndowa. Pansi pankawotcha mapazi, nyenje zikulira m'mitengo mpaka m'makutu kuchita kuwawa, nkhata itaphwa pamutu. Ndinataya kachiwiri, kachitatu, kachinayi. Nditayang'ana madzi achinayiwo ndinaona kuti sakuda kwambiri, akungofiirira ngati tiyi wa kwa anthu osauka. Nthawi yomweyo anzanga anadutsa ndi makasu, akupita kukakumba mbewa kulupsa. Ndinasonkhezera moto, n'kuthira madzi pang'ono otsala m'ndowa, n'kuwatsatira.

Amayi anafika dzuwa litapendeka, fumbi la ufa lili m'tsitsi.

"Lasitoni, wataya kangati?"

"Kasanu ndi kawiri, amayi."

Anavundukula mphika, nayang'ana, navundikiranso. Nkhuni zinali zitatha, ndipo kumchenga kuja azimayi ena anali atatunga madzi onse. M'mawa mwake ndinawaona akutola mapesi, anawiritsa kalongonda uja kamodzi ndi madzi athu akumwa. Ine ndinangoti akutenthetsa.

Anthu anabwera ambiri, mwina khumi ndi asanu, makasu ali pamapewa. Akuluakulu ankapatsana moni wa Chilomwe, "Mosheliwa?" uku akulavulira m'manja. Panali a Nampeya, mayi wamfupi wa pakamwa pakuthwa, amene ankalima ngati amuna awiri. Iwo anafuula asanagwetse n'komwe khasu: "Ife tabwerera kalongonda, munda wanuwu tikungouperekeza!" Anthu anaseka, nyimbo inayamba, makasu n'kumagwa pamodzi. Fumbi lofiira linakwera, fungo la udzu wouma wokwiriridwa linadzaza munda, mizere ikutuluka yowongoka kuchokera pachulu.

Dzuwa litakwera pang'ono, amayi anakhala pansi pa mtengo wa mango pamene tinaika miphika. Anatenga mbale yachitsulo, naidzaza kalongonda, n'kuyamba kudya okha, opanda mchere, opanda tsabola. Anadya mbale yonse. Ine njala inali itandigwira ndipo ndinatambasula dzanja, koma analikankha osandiyang'ana. Atamaliza anangokhala, manja ali pamaondo.

"Kodi mwatiitana kuti tidzakuonerereni mukudya?" anakuwa a Nampeya ali pakati pa mzere.

"Limani, mayi, mudya," anayankha amayi.

Mthunzi wa mango utasuntha pang'ono, ndinaona thukuta likuyenderera m'khosi mwa amayi. Anamasula Esinati n'kundipatsa. Anaimirira, nayenda mapazi atatu mokhotakhota, n'kugwada kuseri kwa chulu. Nyimbo inaduka. Azimayi anataya makasu n'kuthamangira komweko. Amayi anasanza mpaka kutsala madzi okha, maso akuyendayenda, koma mawu anawapeza.

"Mphika uwo munthu asaukhudze. Ndaphika molakwa."

"Inu? Inuyo?" anatero a Nampeya akuwapukuta kukamwa ndi nsalu yawo. "Mlomwe wanji wolephera kalongonda? Ukalamba wayamba msanga, mayi."

Ine ndinali nditaima pomwepo, mwana ali m'manja. Mawu onsewa amene ndili nawo lero, tsiku limenelo sanatuluke ngakhale amodzi.

Anthu anamwa thobwa, koma thobwa lokha siligwira khasu. Analimabe mpaka dzuwa lili paliwombo, kenako mmodzimmodzi anayamba kupukuta makasu ndi udzu. Sindiwadandaula, anali atalima m'mimba mulibe kanthu. Kumtunda konse anamaliza. Kudambo sanafikeko. Kalongonda yense tinakamukwirira kudzenje.

Amayi anagona masiku atatu, akadzuka nyumba ikuzungulira. Ine ndinatenga khasu lawo n'kutsikira kudambo ndekha. Dothi lakuda lija likauma limalimba ngati njerwa, ndipo pa masiku atatu ndinatulutsa mizere inayi yokhota, manja ali matuza okhaokha. Tsiku lachinayi mitambo inaunjikana pa Michesi, mphepo inanunkhira dothi, mvula n'kugwa. Kutacha malume a Mukhiwa anabwera ndi mtolo wa mitengo ya chinangwa, n'kuizika mondondozana kudula munda pakati. Amayi anagwada pamatope n'kunena kuti, "Ndamva, achimwene." Chaka chimenecho mwezi wa Febuluwale tinaumva m'mafupa. Tinkadya makaka a chinangwa ndi masamba a nandolo wosakhwima womwe, uku tikuona ana a amayi aang'ono akuwotcha chimanga chachiwisi cha kudambo. Ankatigawirako, inde, koma chogawiridwa chimatha usanakhute.

Amayi sanandimenye, ndipo sanandifunsenso. Kuchitsime ankawaseka zaka zambiri, ndipo pamaliro mphika wa kalongonda anayamba kupatsa ena, iwo n'kumawatuma kutsuka mbale. Sanatsutsepo.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti bodza langa linagwira. Ndinkati amayi anandikhulupirira, n'chifukwa chake anadya, ndipo anadziimba mlandu chifukwa sankadziwa wolakwa weniweni. Ndinkachita mantha, komanso pansi pamtima ndinkapuma kuti ndapulumuka. Ndinadzazindikira nditakwatira, tsiku limene ndinaona mkazi wanga akukana kalongonda wa pamsika atangomuyang'ana, osamulawa. Munthu amene waphika nyemba zimenezi kuyambira ali mtsikana safunika kufunsa kuti madzi atayidwa kangati. Amayi ankadziwa. Chimene sankadziwa n'chakuti kuwiritsa kwa m'mawa kuja kwathandiza kapena ayi, ndipo poyesera panalibe pena koma m'mimba mwawo. Anadya mbale yodzaza kuti yankho lisakhale lokayikitsa. Akanatchula dzina langa, ndikanakula m'mudzi muno ndili mnyamata amene anafuna kupha anthu khumi ndi asanu ndi ulesi, ndipo dzina lotero kuno silichoka.

Ndalima zaka zambiri, ndagula ngolo, ndafolera nyumba ndi malata, ndaphunzitsa ana sukulu imene ine sindinaione. Koma dambo lija silinabwerere. Akulima adzukulu a amayi aang'ono, ndipo amalima bwino. Ndikamadutsa pamenepo amandipatsa moni, ine n'kuyankha, n'kuwauza kuti chimanga chawo chaoneka bwino chaka chino.